Maphunziro osambira a ana pa lodge ina muno mu Blantyre, zabwino zake ndi zomwe zikundidandaulitsa

Makolo anzanga a mu Blantyre, makamaka inu amene mwakhala mukundifunsa kuti mwana wanga akuphunzira kuti kusambira, ndati ndingolemba zonse pamodzi aliyense adziwerengere yekha. Malowa ndi abwino, a kochi ake ndi odziwa ntchito ndipo ndalama yanga sindikuilira ayi, koma pali zinthu zomwe eni ake akuyenera kukonza ndipo zina mwa izo ndi zokhudza moyo wa ana nde sindizibisa. Dzina la lodge sinditchula pano chifukwa ndikamba ndi zolakwika zomwe, sindikufuna kuwonongera anthu bizinesi pa zinthu zoti atha kukonza mawa lomwe. Ofuna kudziwa mundipeze ku inbox.

Ndiyambe ndi chomwe chinandipititsa kumeneko chifukwa ena amaona ngati kusambira ndi za anthu a ndalama basi, za kuyadi. Ife tili m'dziko la nyanja koma mwana wokulira ku Chitawira, Zingwangwa, Ndirande kapena Machinjiri nyanjayo amangoimva, mwina amakaiona nthawi ya Khrisimasi kapena pa ulendo wa sukulu ku Mangochi, ndipo akafika amathamangira m'madzi limodzi ndi anzake asakudziwa chilichonse. Ana a ku Nkhata Bay kapena ku Monkey Bay amakula nazo, palibe amawalipirira kochi, koma athuwa ayi. Komanso madzi oopsa sitichita kukawafuna ku nyanja, ali pompano. Mvula ikagwa kuyambira Disembala mpaka Malichi, Mudi, Naperi, Nasolo ndi Likhubula zimadzadza m'kanthawi kochepa, ana akuoloka pochokera ku sukulu. Kuli maenje osiyidwa ndi oumba njerwa ndi okumba mchenga, amadzadza madzi ofiira osaoneka pansi ndipo ana amawakonda kwabasi. Sindikunena kuti wodziwa kusambira angalimbane ndi madzi ngati aja a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, aja anabwera ndi miyala ndi matope kuchokera m'phiri la Soche kutsikira ku Chilobwe, panalibe za kusambira pamenepo. Ndikunena za dzenje, damu, m'mbali mwa nyanja, malo oti mwana atadziwa kungoyandama ndi kupuma bwino atha kudikira mpaka munthu amufikire.

Malo ophunzirira kusambira muno mu tauni alipo koma ambiri si a wina aliyense. Blantyre Sports Club, ija inayamba mu 1896, ili ndi pool koma ndi kalabu ya mamembala. Masukulu ena a private ali nawo koma ndi a ana awo. Aquatic complex yaikulu ija, malo a mipikisano yosambira, inamangidwa chifukwa cha masewera a achinyamata a maiko a kummwera kwa Africa (Region 5) a mu 2022 ili ku Lilongwe. Nde ambirife timadalira ma lodge ndi mahotela, ndipo apa ndi pomwe ndinapezera malowa, mnzanga wa kutchalitchi ndi amene anandilozera.

Kafikidwe kake sikovuta, ukatsika minibasi pamsewu waukulu uyenda pang'ono kapena ukwera kabaza, ife timayenda. A gadi pageti amakulembetsa m'buku, ukalipira pa risepushoni, amalandira cash, Airtel Money ndi Mpamba, ndipo amakupatsa lisiti osachita kupempha, ichi ndinachikonda. Utha kulipira phunziro limodzi limodzi kapena mwezi wonse, ya mwezi imatsikako. Mitengo sindilemba chifukwa yasinthapo kale chiyambire ife ndipo mukudziwa mmene zinthu zakhalira chigwereni kwacha mu Novembala 2023, mtengo wa lero mwezi wamawa ndi nkhani ina, imbani mufunse. Chomwe ndinganene nchoti kwa munthu wa salary wamba si ndalama yongotola, ine ndinachita kusiya zina kuti izi zitheke, koma sikuti ndi yosafikirika.

Pool yake si yaikulu. Mbali imodzi ndi yosaya, mwana wa zaka 7 amaima madzi akulekeza pachifuwa, kenako imapita ikuzama mpaka poti munthu wamkulu saponda pansi. Pakati amamanga chingwe cha timipira kuti ongoyamba kumene asadutse. Pambali pali kena kakang'ono ka tiana, madzi olekeza m'maondo.

Koma chomwe mukulipira kwenikweni ndi a kochi, ndipo apa ndikhalitsapo pang'ono. Ndi bambo wachinyamata, wofatsa, ana amawaitana kuti ankolo. Ine ndinkayembekeza kuti tsiku loyamba lomwelo mwana ayamba kuponya manja, koma ayi, tsiku loyamba lonse linathera pa kupuma. Anawakhazika ana m'mphepete miyendo ili m'madzi, kenako analowa nawo kosaya kuja nkuwauza kuti aliyense aike kukamwa m'madzi auzire mpaka thovu lituluke. Akatero mphuno, akatero nkhope yonse. Wanga anakana, anagwira chitsulo cha m'mbali ndi manja onse awiri misozi ili mbwembwembwe, ine mtima unali m'mwamba ndinafuna kudzuka kuti ndikamutenge. A kochi anangondikweza dzanja nkuti, "Mayi khalani kaye pansi, tipatseni mpata." Sanamukoke, sanamuseke, sanamuyerekeze ndi anzake. Anatunga madzi m'manja mwawo nkumuuza kuti auzire m'manjamo kaye, kenako anatsitsa manjawo pang'ono pang'ono mpaka anafika pamwamba pa madzi a mu pool, mwana osazindikira kuti wayamba kale kuuzira mu pool momwemo. Pomwe timaweruka anali akuviika nkhope yekha nkumadzuka akuseka.

Pambuyo pa kupuma anabwera pa kuyandama chagada, manja ndi miyendo atatambasula, dzanja la a kochi lili kunsi kwa mutu. Amamuyankhulitsa mwanayo nthawi yonseyo, kumufunsa za kusukulu, za zomwe wadya, kuti thupi limasuke chifukwa mwana akaumitsa thupi ndi mantha nkukweza mutu, miyendo imamira. Ndiye amachotsa dzanja mwakachetechete. Anandifotokozera kuti iwo salola mwana kupita kozama asanathe zinthu izi: kugwera m'madzi mwadzidzidzi, kutembenuka chagada yekha, kuyandama, ndi kubwerera kukagwira m'mbali. Masitayilo aja timaonera pa TV amabwera pambuyo. Tsiku lina anatiuza tibweretse ana atavala T-shirt ndi kabudula wamba kuti alowe nazo m'madzi, akuti ngozi simapeza munthu atavala kositumu, mwana adziwiretu kulemera kwa zovala zonyowa. Apa ndi pomwe ndinakhulupirira kuti bambowa akudziwa chomwe akuchita.

Chinanso, sakonda tima floater tovala m'mikono tija timagulitsidwa m'mashopu. Akuti timamunamiza mwana kuti akutha kusambira komanso timamuzoloweza kuima chilili m'madzi, tsiku lomwe alibe amalumphira molimba mtima nkumira. Iwo amagwiritsa ntchito ka bolodi kogwira kutsogolo pophunzira kumenya miyendo, ndipo kakangotha ntchito amakalanda. Anatiuzanso makolo tonse, ndipo izi ndikufuna aliyense amve, kuti mwana womira sakuwa kapena kumenya madzi mmene timaganizira, amangoti zii mutu uli chapansi kukamwa kukulowa ndi kutuluka m'madzi, nde ukakhala pafoni ukudalira kuti umva phokoso ndiye kuti wachedwa kale. Chiyambire kumva zimenezi foni yanga imakhala m'chikwama.

Atsikana aakuluko amene amachita manyazi amawalola kuvala ka tight ndi top m'malo mwa kositumu ija yothina, ndipo pali mtsikana wina wowathandiza a kochi amene amagwira ana aakazi akamaphunzira kuyandama ngati kholo lapempha. Ine monga mayi wa mwana wamkazi izi zinandikhazika mtima pansi. Makolo amaloledwa kukhala pompo kuonerera, palibe zoti musiyeni mudzamutenge.

Nkhani ya tsitsi ndiikambe chifukwa amayi ambiri amafunsa. Klorini amaumitsa tsitsi ndi khungu, ndipo tizipewa tosambirira tomwe timapezeka m'mashopu ambiri ndi tating'ono, mwana akaluka mesh kapena zingwe zazitali sikalowa. Ife tinangosankha kumuluka zing'onozing'ono zogona, timanyowetsa tsitsi ndi madzi a pampopi asanalowe, akatuluka timatsuka bwino nkudzola mafuta. Vaseline wamba amakwana pakhungu. Ma goggles gulani anu, obwereka pamalopo ndi otha ndipo amalowa madzi.

Tsopano zomwe zikundidandaulitsa. Choyamba ndipo chachikulu ndi Loweruka. Maphunziro a ana amayamba m'mawa, koma ikamakwana 11 koloko anthu a ma party amakhala ayamba kufika, ma cooler box, nyama pamoto, nyimbo mokweza, ndipo ena amalowa mu pool momwemo ana asanamalize. Tsiku lina bambo wina atamwa kale analumphira kuchokera m'mbali nkugwera pafupi penipeni ndi kamnyamata komwe kanali pa bolodi, kanamwa madzi nkuyamba kutsokomola, a kochi anachita kusiya ana ena onse kuti akakatenge. Mabotolo a galasi amafika nawo mpaka m'mphepete mwa pool pomwe ana akuyenda opanda nsapato. Ndikumvetsa kuti lodge imapeza ndalama zambiri ku bar kuposa kwa ife, bizinesi ndi bizinesi, koma ngati mwalandira ndalama ya maphunziro a ana ndiye kuti maola amenewo pool ikhale ya ana basi. Ndinakadandaula pa risepushoni, anandilandira mwaulemu nkuti auza a manejala, kwa masabata angapo zinasintha kenako zinabwereranso. Panopa ife timapita m'mawa kwambiri kapena mkati mwa sabata akaweruka kusukulu.

Chachiwiri chikugwirizana ndi chomwechi, palibe lifeguard, munthu woima payekha wongoyang'anira osambira kuti apulumutse womira. A kochi ndi omwewo akuphunzitsa, ndi omwewo akuyang'anira pool yonse. Munthu ali ndi maso awiri okha, akawerama kugwira mwana mmodzi kumbuyo kwake kuli ena. Miyezi yozizira gulu limakhala lochepa nde zimayenda, koma Okutobala ndi Novembala kukatentha aliyense amakumbukira kuti kuli pool, ana amachuluka mpaka mwana wako amathera nthawi yambiri ali m'mbali kudikira kuti nthawi yake ifike. Mtengo nkukhala womwewo. Akanaika malire a chiwerengero cha ana pa gulu limodzi, olembetsa mochedwa apite ola lotsatira, palibe kholo lingakane zimenezo.

Za ukhondo wa madzi ndinene mwachilungamo, masiku ambiri amakhala oyera mpaka umaona matailosi a pansi kozama kuja. Pali mnyamata amene m'mawa uliwonse amachotsa masamba ndi ka neti, kenako amatunga madzi m'kabotolo nkuthiramo mankhwala kuti aone ngati klorini ali bwino, ndamuonapo ndi maso anga akuchita. Vuto limabwera magetsi akavuta masiku otsatizana, pampu yosefa madzi siyenda, jenereta amasungira ku zipinda ndi ku kitchini, nde madzi amayamba kuchita mbuu kenako obiriwira ngati a m'chithaphwi cha kudimba. Tinafikapo tsiku lina zili choncho, a kochi okha anatiuza kuti lero ana asalowe ndipo phunzirolo anatibwezera tsiku lina, ulemu wawo. Koma a lodge anali akugulitsabe matikiti kwa ofuna kungosambira, ndipo palibe anatiimbira kutichenjeza tisanawononge transport. Gulu la WhatsApp la makolo lilipo, uthenga umodzi ukanakwana. Langizo langa ndi loti ngati simukuona pansi pa pool mwana asalowe, si nkhani ya matenda a maso ndi m'makutu yokha, madzi akakhala a mbuu mwana atamira simungamuone.

Kosinthira zovala nako kukufunika chikondi. Chitseko cha mbali ya akazi loko yake inathyoka kalekale, timachita kugwirizira ndi phazi kapena kuimika wina pakhomo. Matailosi ndi oterera ndipo palibe mphasa ya labala, ana amathamanga ali onyowa. Shawa ndi ya madzi ozizira okha okha. Zonsezi ndi zinthu zotchipa kukonza poyerekeza ndi ndalama zomwe zimalowa pa Loweruka limodzi.

Kuzizira ndiye nkhani ina yoti muiganizire musanalipire ya mwezi. Pool iyi satenthetsa, ndipo Blantyre ndi kumtunda, Juni ndi Julaye chiperoni chikagwira kumakhala kamvula kowaza ndi nkhungu tsiku lonse, madzi amazizira mpaka mwana milomo kuchita kunjenjemera. A kochi amafupikitsa phunziro ndipo amatulutsa mwana aliyense amene wayamba kunjenjemera, koma ine ndinaona kuti ndi bwino kungopumira miyezi imeneyo. Nthawi yabwino yoyamba ndi Seputembala, kwayamba kufunda koma anthu sanachuluke, pofika Disembala nthawi ya maulendo a kunyanja mwana amakhala atadziwako. Mukapita nthawi yozizira tengani thaulo lalikulu, juzi, ndi tiyi mu flask. Nthawi ya mvula kukangogunda bingu amatulutsa aliyense m'madzi, ena amanyinyirika koma apo akulondola.

Ndipo mukapita kunyanjako musaiwale za likodzo. Kudziwa kusambira sikuteteza ku tizilombo tija timachokera mu nkhono, timakonda malo a madzi odekha a mabango ndi udzu. Mu pool yosamalidwa bwino mulibe zimenezo, koma mwana akazolowera madzi amafuna kulowa paliponse, nde tiziwauza.

Pamalopa palinso ka jimu ndi ma aerobics, ndingokhudzako chifukwa si chomwe ndinapitira. Jimu ndi kachipinda kamodzi, zitsulo zilipo zokwanira munthu wongofuna kulimbitsa thupi, njinga ziwiri zopalasa pamalo amodzi, treadmill imodzi yomwe nthawi zambiri imakhala yakufa. Mpweya ndi wochepa, masana simungakhalemo. Ma aerobics amachitira pa kapinga madzulo ndipo amenewo ndi abwino, mayi amene amatsogolera ali ndi mphamvu zake ndipo amasamala achikulire ndi onenepa, amawapatsa zopepukirako osawachititsa manyazi. Koma kunena zoona, ngati cholinga chanu ndi kuchepetsa thupi kapena kuthana ndi BP ndi shuga basi, Blantyre ili ndi malo ambiri osafuna ndalama. M'mawa anthu amathamanga m'mbali mwa Masauko Chipembere Highway kuyambira ku Ginnery Corner kudutsa pa Chichiri mpaka ku Limbe, ena amazungulira ku Njamba, ena Loweruka amakwera Michiru kudzera ku Njira ya Mtanda ku Chilomoni, thukuta lake ndi lomwelo. Kuthamanga utha kuyamba wekha mawa, kukwera phiri ungofuna anzako oyenda nawo. Kusambira kokha ndi komwe sungadziphunzitse wekha kapena kuphunzitsa mwana pongoonera pa YouTube, pamafunika madzi otetezeka ndi munthu wodziwa, nchifukwa chake ndalama yanga ndinaiika kumeneko osati ku jimu.

Akuluakulu nawonso amaphunzitsidwa, pali ola la amayi okha mkati mwa sabata m'mawa. Ine ndinalowa nawo chifukwa ndinaona kuti sizikuthandiza mwana kudziwa kusambira pomwe mayi ake atagwera m'madzi sangadzithandize. Tilipo amayi a misinkhu yosiyanasiyana, ena ndi agogo ndithu, mmodzi anabwera chifukwa a dokotala anamuuza kuti maondo ake sakufuna kuthamanga koma m'madzi thupi limapepuka. Palibe amaseka mnzake. Panopa ndimayandama chagada ndipo ndimawoloka mbali yosaya ija, kozama sindinafikeko. Amene mukuchita manyazi kuti mwakula, bwerani ola limenelo, mupeza anzanu.

Mwana wanga pano amawoloka pool yonse mlitali, kupuma kwake kukadali kosokonekera akatopa koma a kochi akuti zibwera. Wayamba kufunsa za mipikisano, ndinamuonetsa pafoni kuti Malawi imatumiza osambira ku Olympics, Joyce Tafatatha anapita ku London mu 2012, Tayamika Chang'anamuno anapita ku Paris mu 2024, anadabwa kuti kani atsikana a konkuno amafika kumeneko. Apa ndi pomwe malowa amaperewera, pool ndi yaifupi ndipo a kochi anandiuza okha mosabisa kuti mwana akafuna za mipikisano adzafunika kupita ku kalabu yokhala ndi pool yaitali, iwo ntchito yawo ndi kuyala maziko. Munthu wina akanangokhala chete kuti ndalama izibwerabe.

Nde kwa amene mukufuna kuyamba, kaya pamalo pano kaya pena paliponse, pitani kaye tsiku limodzi musanalipire mukaonerere phunziro lonse. Muone ngati kochi amalowa m'madzi kapena amangokuwa ali kumtunda, muwerenge ana pa gulu, mufunse ngati pali wodziwa chithandizo choyamba munthu akamira, musuzumire kosinthira zovala, ndipo mufunse zomwe zimachitika phunziro likalephereka chifukwa cha madzi kapena mvula, ngati amabweza kapena ndalama yapita. Mwana wochepera zaka 5 musamusiye ndi wantchito kapena mkulu wake, pitani nokha.

Ife tilembetsanso Seputembala, ndipo ndikutenganso mwana wa achemwali anga wa ku Bangwe. Makolo a pa gulu lathu la WhatsApp tagwirizana kuti tilembe kalata imodzi kwa a manejala tisainire tonse, tikupempha lifeguard, maola a ana okha Loweruka m'mawa, ndi loko ya chitseko chija. Amene ana anu amaphunzira pomwepo ndipo simuli pa gulupo, ndiuzeni ndikuikenimo kalatayo isanapite.